Kuonera I Am Not a Witch ndi anthu osapemphera

Lamlungu m'mawa, pamene mipingo ya mu Lilongwe imakhala ikupikisana pa zokuzira mawu, ife timakumana m'nyumba ya mnzathu wina ku Area 25. Sitiposa khumi ndi awiri. Pali mphunzitsi wa sekondale, namwino, anyamata awiri a ku yunivesite, mayi wogulitsa kaunjika, ndi bambo wachikulire amene anakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri asanasiye. Ena sakhulupirira n'komwe kuti kuli Mulungu, ena amangokayika, mmodzi amapitabe kutchalitchi pa Khirisimasi kuopa kuliza amayi ake. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'Malawi, awiri okha ndi amene ananena kuti alibe chipembedzo, ndipo ena a ife sitili m'gulu la awiriwo chifukwa tinatchula mpingo wa makolo athu pamene wowerenga anafunsa pamaso pa abale. Anansi amaganiza kuti ndife a banki m'khonde. Sitinawatsutsepo.

Tsiku lina mphunzitsi uja anabwera ndi laputopu, nati lero tisakangane za Nowa ndi chingalawa chake, tionere filimu. Inali I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, mayi wobadwira ku Lusaka amene anakulira ku Wales. Inaonetsedwa koyamba ku Cannes mu 2017, ndipo mu 2018 inalandira mphoto ya BAFTA. Mbali yaikulu amalankhula Chinyanja cha ku Zambia, chosakanikirana ndi Chibemba ndi Chingerezi, motero zambiri tinkazimva tisanawerenge mawu a pansi.

Nkhani yake ndi ya kamtsikana kopanda mwini kamene kangotulukira m'mudzi. Mayi wina akugwa ndi ndowa ya madzi, akucheuka n'kuona mwanayo atangoima, basi mlandu wapezeka. Kupolisi bambo wina akuchitira umboni kuti mwanayo anamudula mkono ndi nkhwangwa, chikhalirecho manja onse awiri ali nawo, kenako akuvomera kuti anali maloto. Mwanayo akutumizidwa kumsasa wa amayi okalamba otchedwa mfiti, aliyense womangidwa kumsana ndi liboni loyera lalitali lochokera pa mpukutu, ati asauluke. Akumutsekera usiku kuti asankhe: kuvomera ufiti, kapena kudula liboni n'kusanduka mbuzi. Amayi a kumsasawo ndiwo akumupatsa dzina, Shula. Kenako akugwa m'manja mwa a Banda, mkulu wa boma amene akumuyendetsa m'milandu kuti aziloza akuba, mpaka kupita naye pa wailesi ya kanema kukatsatsa mazira.

Tinaseka kwambiri. Pa umboni wa mkono uja, mmodzi wa anyamata a ku yunivesite anachita kugwa pampando. Sing'anga akuvina atavula, tinaomba m'manja. Ndiyenera kunena kuti kuseka kumeneko kunali kokoma, chifukwa munthu amene wakhala chete pa maliro ambiri pamene anthu akunong'onezana za amene "wadya" malemu, akapeza chipinda chimene angaseke momasuka amamva ngati wavula nsapato yothina. Koma filimu isanafike pakati ndinaona kuti mayi wa kaunjika sakuseka, ndipo nanenso kuseka kunandithera.

Chimene Nyoni anachita bwino koposa sichili pa a Banda. A Banda, amene Henry B.J. Phiri anasewera mwaluso, ndi nyama yosavuta kuisaka: mimba, suti, foni yolira pakati pa mlandu. Wokhulupirira ndi wosakhulupirira yemwe akhoza kuwaseka osataya kanthu. Mphamvu ya filimuyi ili pa nkhope za amayi okalamba aja atakhala pa lole, maliboni akuuluzika kumbuyo, ndi pa maso a Maggie Mulubwa, mwana amene anali asanasewerepo mu filimu ndipo mawu amene akulankhula mu filimu yonse ndi owerengeka. Kamera imaima nthawi yaitali osasuntha, nyimbo ya Vivaldi ikulira pamwamba pa fumbi, mpaka woonera kuchita manyazi kuti akuyang'anitsitsa ngati alendo odzaona malo aja amene akujambula amayiwo kuseri kwa mpanda. Ndipo m'dziko lonse la filimuyi, kupolisi, kwa mfumu, kuboma, malo okhawo amene mwanayu akusamalidwa ngati mwana ndi pakati pa onamiziridwa anzake. Iwo sakutsutsa za ufiti. Sakupereka mfundo iliyonse. Akungomutcha dzina, kumulangiza, kugawana naye chimene chilipo.

Pali pamene filimuyi ikundikhumudwitsa. Maliboni ndi nzeru ya Nyoni mwini, ndipo pokonzekera anakakhala kumsasa wa otchedwa mfiti ku Ghana. Ndi chithunzi chokongola, koma chimachititsa kuti nkhanzazo zioneke zadongosolo, zokhala ndi ofesi ndi lole yake, zimene munthu wa ku London angaziloze n'kunena kuti taonani boma loipa. Kwathu sizikhala choncho. Shula ndi mlendo wopanda mbale, pamene wonamiziridwa wa kwathu amadziwika bwino: ndi agogo ako, ndi azakhali amene anakulera, ndipo wonyamula chikwanje ndi mdzukulu. Anthu anayi okalamba amene anaphedwa ku Neno mu Januwale 2016, mphenzi itapha mtsikana wa m'banja lawo, sanaphedwe ndi alendo. Komanso mwana kwathu nthawi zambiri amaikidwa kukhala mboni, amafunsidwa mpaka "aulule" amene amamukweza lichero usiku. Mpeni umenewo, wa pachibale, filimuyi siukhudza.

Itatha, mkangano unabuka pa mvula. Shula wamwalira, amayi aja akulira, ndipo mvula imene a Banda analonjeza anthu kuti mwanayo adzagwetsa ikuyamba kugwa. Mnyamata uja anakwiya, ati Nyoni watigulitsa, wapatsa okhulupirira ufiti umboni m'manja. Bambo wachikulire uja anamuyankha modekha. "Achimwene, mvula imagwa nyengo yake ikafika, kaya wina wafa kaya sanafe. Amene walumikiza ziwirizo ndi inuyo, pampando pomwe mwakhalapo. Ndiye mukuwadabwa chiyani a kumudzi?" Ndikuganiza kuti bamboyo anaimva bwino filimuyi kuposa tonse. Nyoni akutchera woonera msampha womwewo umene unakola mayi wa ndowa uja.

Apa ndi pamene mayi wa kaunjika analankhula, ndipo zimene ananena zinandikumbutsa zanga zimene sindinkafuna kukumbuka. Zaka zingapo zapitazo mwana wa msuweni wanga anamwalira ndi malungo, ndipo mudzi unaloza azakhali anga. Ine ndinali m'tauni. Ndinalemba zambiri pa Facebook za umbuli, ndinatchula lamulo la za ufiti la 1911 limene limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndinatumiza ndalama ya mayunitsi. Amene anakagona m'nyumba ya azakhali masiku atatu, atayala mphasa pakhomo kuti wofuna kulowa ayambe wawaponda, anali amayi anayi a Mvano. Amayiwo amakhulupirira kuti ufiti ulipo. Ankangokana kuti mnzawo wa m'kwaya ndi mfiti. Ena mwa oloza chala analinso a mpingo womwewo, zimenezo sindingabise, koma pa mphasa paja panalibe wosapemphera ndi mmodzi yemwe.

Sindikunena kuti okayika sanachitepo kanthu m'dziko muno. George Thindwa ndi bungwe la Association for Secular Humanism anayenda m'ndende ndi m'makhoti kumenyera okalamba amene anamangidwa pa milandu ya ufiti, pa nthawi imene anthu ambiri ankaopa ngakhale kuyandikira nkhaniyo. Pamene nthambi yapadera ya Law Commission inalangiza mu 2021 kuti lamulo livomereze kuti ufiti ulipo, ena mwa amene anatsutsa poyera anali a Humanists Malawi, monga Wonderful Mkhutche. Imeneyo ndi ntchito yogwirika. Koma kagulu kathu ka ku Area 25 kanali kasanafike pamenepo. Chimene tinkachita Lamlungu lililonse chinali kupambana mikangano ndi anthu amene sanali m'chipindamo. Tinkadziwa bwino zimene sitikhulupirira, koma namwino atagonekedwa m'chipatala sabata yathunthu tinamva atatuluka kale, ndipo phala ankamupititsira ndi amayi a mpingo umene anausiya.

Funso limene aliyense wa ife anafunsidwapo ndi abale si lakuti dziko linalengedwa bwanji. Amafunsa kuti, "Nanga ukadzafa adzakuika ndani?" Kale ndinkaliyesa chiopsezo, ndipo nthawi zina limakhaladi chiopsezo. Koma ndi funso lenileni. Kwathu mpingo ndiwo umagona pa siwa, umaphika, umaimba usiku wonse kuti ofedwa asamve kuti ali okha, umasonkha ya bokosi. Ku Zambia, kumene filimuyi inajambulidwa, Frederick Chiluba analengeza mu 1991 kuti dzikolo ndi lachikhristu. Kuno sitinalembe choncho m'malamulo, koma pa maliro zimaoneka zokha. Munthu akatuluka mu mpingo sataya chikhulupiriro chokha, amatayanso anthu omunyamula. Filimu ya Nyoni, ngakhale ili ndi zofooka zimene ndatchula, imadziwa zimenezi. Shula atafa, ogwira ntchito aja akungomutula pansi ngati katundu. Omulira ndi amayi a maliboni.

Tisanabalalike tsiku limenelo, mayi wa kaunjika anatulutsa kope m'chikwama, nalemba mayina athu onse, nati aliyense azisonkha mwezi ndi mwezi za matenda ndi maliro, ndipo wodwala aziuza gulu tsiku lomwelo. Anyamata a ku yunivesite anadandaula kuti tayamba kufanana ndi mpingo, koma anasonkha. Motero zimene anansi ankatiganizira zija zasanduka zoona, kope lilipo ndipo msungichuma ndi mayi yemweyo. Bambo wachikulire uja anafunsa kuti pa maliro ake tidzaimba chiyani, poti nyimbo zonse zimene amazidziwa pamtima ndi za m'buku la mpingo. Mphunzitsi anati tidzaganiza. Papita miyezi isanu, ndipo bamboyo amafunsabe Lamlungu lililonse tikamatsanzikana pageti.