Mau Akuti "Pepani" ndi Kulemera Kwake

Pa mau onse amene munthu asonyeza nawo kuti ali kuganizira mnzake, palibe opambana akuti "pepani." Ku Rumphi, kumene anthu ambiri alankhula Chitumbuka, amati "phepani", katchulidwe kasiyana pang'ono, koma tanthauzo ndi limodzi.

Masiku ano alipo ena amene ayesa kuti mau awa ayenera wolakwa yekha. Mnzao akapunthwa panjira angokhala chete, nati mumtima, "Kodi ndamgwetsa ndine?" Kumeneku ndiko kusamva chinenero. Mai wa ku Bolero akaona mlendo walasidwa ndi munga anena "phepani," chinkana mungawo sanautchere ndiye. Opita kukapepesa maliro sanaphe munthu ai. Apita kukasenza chisoni pamodzi ndi ofedwa. Tsono "pepani" sikubvomera mlandu kokha, komanso ndiko kuuza wobvutika kuti zowawa zake zafika pamtima pa wina. Nchifukwa chake Atumbuka atcha chisoni "chitima," dzina lochokera ku mtima womwewo.

Koma chiripo cholakwa china choposa ichi, ndicho kunena mauwo ndi pakamwa pokha. Munthu wouza wodwala "pepani," namsiya wopanda madzi kapena nkhuni, wapeputsa mau olemera.

Kuti mau ayesedwa ndi nchito, anthu a ku Rumphi ali nacho chitsanzo pafupi. M'mwezi wa March 1959, pamene Boma la Nyasaland linamanga atsogoleri a Congress ndipo dziko linali pamabvuto, ndege inaponya kalata pa Livingstonia, mishoni imene Dr. Robert Laws anayamba kumanga pa Khondowe m'chaka cha 1894. Kalatayo inafunsa Azungu a pamishoni ngati afuna kuchotsedwapo. Iwo anakana kusiya anzao akuda, ndipo poyankha anayala pansi zilembo zazikulu zoyera zoti a m'ndege awerenge, zoloza ku Aefeso 2:14, ndime yonena za mtendere pakati pa anthu olekana. Eni ake akadathawa, zilembozo zikadakhala zachabe. Zinalemera chifukwa iwo anakhala.

Chomwechonso "pepani" weniweni afika pakhomo, akhala pansi, nathandiza. Wowerenga asamane mnzake mau awa, ndipo asawanene chimanjamanja, pakuti akulu anati, "Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe."