Pickup Yatsopano, Gitala Yobanika

Woyimba gitala akachotsa pickup yakale n'kuikapo yatsopano amayembekezera kuti chida chake chilusa. Ali yekha m'chipinda chimalusadi, mawu ake onenepa, okoma m'khutu. Vuto limaonekera akafika pakati pa anzake, ng'oma zikulira, besi ikugunda, kiyibodi itadzaza pakati. Pamenepo gitala ija imabanika. Akakhwacha nsambo zonse zisanu ndi imodzi zimamveka ngati chinthu chimodzi, akathamangitsa zala manoti amamatirana osadziwika poyambira pake. Amakweza volume, phokoso n'kukula, koma gitalayo osamveka ndithu. Ambiri amagamula pomwepo kuti anawagulitsa pickup yachinyengo. Ine ndimakana chigamulo chimenechi, chifukwa pickup payokha ilibe mawu. Mawu amene timamva amachokera ku pickup pamodzi ndi zonse zimene yalumikizidwa nazo, ndipo zonsezo zinasankhidwa kuti zigwirizane ndi pickup imene yachotsedwa ija.

Pickup ndi maginito okulungidwa ndi waya wamkuwa woonda kwambiri. Ya Fender Stratocaster, gitala imene inatuluka mu 1954, ili ndi koyilo imodzi yokulungidwa maulendo pafupifupi 8,000. Humbucker imene Seth Lover anapangira kampani ya Gibson, yomwe inayamba kuikidwa pa magitala a Les Paul mu 1957, ili ndi makoyilo awiri olumikizidwa motsatana kuti athetse kulira kwa magetsi kuja kosowetsa mtendere. Waya akachuluka mphamvu imakula, koma pali malipiro ake. Pickup iliyonse ili ndi malo ena m'mawu a pamwamba pomwe imafuula kwambiri, ndipo kupitirira pamenepo mawu amagwa msanga. Waya wambiri amatsitsa malo amenewa. Pa Stratocaster amakhala cha m'ma 4 kHz, pomwe khutu limamva kuthwa kwa noti, koma pa humbucker yamphamvu kwambiri amatha kutsika kufika cha m'ma 2 kHz. Choncho amene wagula pickup ya waya wambiri, ya 16k, m'malo mwa ya 6k wagulanso mdima, ngakhale pa bokosi sanalembepo.

Tisasokoneze mdima ndi kubanika. Wes Montgomery ankayimba Gibson L-5 ndi chala chachikulu, osagwiritsa ntchito pick, ndipo mawu ake anali akuda bii, koma noti iliyonse inali ndi mutu wake, inkamveka pomwe yayambira ndi pomwe yathera. Eric Clapton, ali mu gulu la Cream cha mu 1967, ankatsitsa dala tone mpaka pansi kuti manoti amodziamodzi atalike ndi kufewa. Awiriwa anasankha mdima. Kubanika sikusankhidwa ndi munthu, kumangomugwera. Poyesa, gwirani chord ya nsambo zonse pa ampu yosapsa mtima, kenako sinthani chala chimodzi cha pakati. Ngati kusinthako kukumveka bwino, gitala yanu ndi yakuda chabe, isiyeni. Ngati sikukumveka, pali ntchito.

Ntchitoyo iyambe ndi sikuludalaiva, chifukwa imeneyo sifuna ndalama. Anthu ambiri akaika pickup yatsopano amaikweza kufupi ndi nsambo kuti amve mphamvu imene alipira. Ikayandikira kwambiri, nsambo zonenepa zimakwirira zinzake, ndipo pa pickup za koyilo imodzi maginito amakoka nsambo mpaka noti imamveka ngati iwiri yokangana. Dindani nsambo pa fret yomaliza, muone mpata wa pakati pa nsambo ndi pickup. Mamilimita 2 ku nsambo zoonda ndi 3 ku zonenepa ndi poyambira pabwino, kenako khutu ndilo liweruze. Pickup ya kukhosi ndiyo imavuta kwambiri, popeza nsambo imagwedezeka kwambiri pamenepo. Itsitseni mopanda mantha kumbali ya besi. Ngati ndi humbucker ya timitu tomasuka, tsitsani thupi lonse n'kukweza timituto pang'ono. Mwa njira zonse, iyi ndi imene ndimaikhulupirira kwambiri, ndipo imatenga mphindi zochepa.

Kenako tsegulani kuseri muone ma pot, tija timapotokola pa volume ndi tone. Fender inaika ma pot a 250k pa Stratocaster kuti aphwetse kuthwa kwa koyilo imodzi. Humbucker imafuna a 500k. Munthu akaika humbucker mu Stratocaster n'kusiya a 250k, ndiye kuti akuphwetsa chinthu chimene chinali chophwa kale. Onjezani apa kuti ku mawu a pamwamba pot ya volume ndi ya tone zimasenzetsa pickup katundu pamodzi, moti ziwiri za 250k zimakhala ngati imodzi ya 125k. Ngakhale Gibson yomwe inaikapo ma pot a 300k m'zaka za m'ma 1970, ndipo eni magitala a nthawi imeneyo ambiri amawasintha. Musakhulupirire zolembedwa pa pot, yezani ndi mita, chifukwa yolembedwa 500k ikhoza kukhala 420k ikadali yatsopano. Eddie Van Halen ataika humbucker ya Gibson m'thupi la mtundu wa Stratocaster anangolumikiza pot imodzi ya volume, tone osaikapo n'komwe, ngakhale kachipewa kamene anavekapo kanalembedwa kuti tone. Gawo lina la kuthwa kwa gitala imeneyo linachokera pa kuchepa kwa katunduko.

Za capacitor ndinenepo mwachidule, popeza zimadya ndalama za anthu pachabe. Kusintha ya .047 kuika ya .022 kumathandiza pamene mwatsitsa tone. Tone ikakhala pa 10 kusiyana kwake n'kochepa kwambiri, ndipo capacitor yodula ya mapepala ndi mafuta sichiritsa gitala yobanika. Ngati kubanika kumabwera pokhapokha mukatsitsa volume, mankhwala ake ndi ena: treble bleed, ka capacitor kakang'ono ka pafupifupi .001 kowotcherera pa pot ya volume, kapena kulumikiza tone monga Gibson inkachitira m'zaka za m'ma 1950.

Chingwe nacho chili m'mlanduwu. Chingwe wamba cha gitala chili ndi pafupifupi 100 pF pa mita iliyonse, ndipo chikatalika chimatsitsanso malo ofuula aja. Jimi Hendrix ankagwiritsa ntchito zingwe zopotanapotana zija, ndipo pa Stratocaster yolowa mu ampu ya Marshall zinkachotsa ukali wopitirira. Chingwe chomwecho pa humbucker yamphamvu ndi bulangete lachiwiri kwa munthu amene akutuluka kale thukuta. Yesani chingwe cha mamita 3 molunjika ku ampu, mapedo onse mutawachotsa. Gitala ikatseguka, ndiye kuti mwapeza wolakwa, ndipo buffer yoikidwa koyambirira kwa mapedo ithetsa nkhani.

Ampu nayo idakali ndi makonda a pickup yakale. Besi imene munakweza kuti koyilo imodzi inenepe tsopano yachuluka, ndipo besi yolowa mu distortion ndi imene imaphwanya manoti kuposa china chilichonse. Oyimba a ku Britain ndi ku Ireland anazidziwa kale izi. Rory Gallagher, Tony Iommi ndi Brian May ankadutsitsa gitala mu treble booster, monga Dallas Rangemaster, isanafike ku ampu, kuti mawu a pansi achepe. Tube Screamer ya Ibanez imachitanso chimodzimodzi, imasiya mawu a pansi pa 720 Hz osawakweza mofanana ndi a pakati. Leo Fender, pa magitala ake a G&L, anafika poika pot yodula besi pa gitala penipeni. Tsitsani besi ndi gain musanakweze treble, chifukwa treble yowonjezera pa mawu obanika imangobweretsa kulira kwa m'khutu.

Koma pali funso limene liyenera kufunsidwa munthu asanagule n'komwe: pickup imeneyi anaipangira nyimbo ziti? Larry DiMarzio anatulutsa Super Distortion ku New York mu 1972, nthawi imene ma ampu ambiri analibe gain yokwanira, ndipo cholinga chinali kuikankha ampu mpaka ipse mtima. Kwa gulu la rock la gitala imodzi kapena ziwiri zoyimba manoti ochepa onenepa, chinali chida choyenera. Rumba ya ku Congo ndi nkhani ina. Kumeneko magitala atatu, solo, mi-solo ndi rhythm, amalukana pa ampu yoyera, ndipo iliyonse imafuna kanjira kake. Mu sungura ya ku Zimbabwe besi yeniyeniyo imakwera n'kumayimba nyimbo, monga amachitira Alick Macheso, moti gitala yonenepa pansi imalowa m'munda wa mwini. Magulu athu a m'matchalitchi ndi a m'maukwati, amene anamwa kwambiri pa zitsime ziwirizi, amasowa gitala yoonda ndi yakuthwa kuposa yamphamvu. Gitala imene imamveka yowuma ili yokha nthawi zambiri ndi imene imakhala bwino pagulu. N'chifukwa chake kuyesa pickup m'chipinda muli nokha kumanamiza.

Ngati mwagula kale yamphamvuyo ndipo ili ndi mawaya anayi, musafulumire kuigulitsa. Makoyilo awiri aja mukhoza kuwalumikiza moyandikana m'malo motsatana, zimene amisiri amati parallel. Samalani ndi mitundu ya mawaya, chifukwa makampani sagwirizana: pa Seymour Duncan waya wakuda ndiye wotulutsa mawu, wofiira ndi woyera n'kumangidwa pamodzi, pomwe pa DiMarzio wotulutsa ndi wofiira, omangidwa pamodzi ndi wakuda ndi woyera. Mu parallel, Seymour Duncan JB ya pafupifupi 16k imatsika kufika cha m'ma 4k. Mphamvu imachepa, malo ofuula aja amakwera, ndipo kulira kwa magetsi sikubwerera monga kumachitira mukangozimitsa koyilo imodzi. Ndi pot ya push-pull mukhoza kukhala ndi zonse ziwiri pa gitala imodzi, yotsatana pa nyimbo za distortion ndi ya parallel pa sebene ya rumba.