MBUZI ZA PA PHIRI LA GILEADI: Kutamanda Wokondedwa m'Nyimbo ya Solomo

Mnyamata wa pano pa koleji atauza bwenzi lake kuti tsitsi lake likunga gulu la mbuzi, mano ake nkhosa, mphuno yake nsanja, chibwenzicho sichingagone. Komatu izi ndizo zifanizo zimene mwamuna wa m'Nyimbo ya Solomo atamanda nazo wokondedwa wake, ndipo anthu akhala akuziwerenga kwa zaka zoposa 2,000. Ena a ife timaseka tikafika pa ndime zimenezi. Ena timazilumpha mwaulemu poopa kuseka Malembo. Ine ndikuti tonsefe tikuwerenga ndi diso la munthu wojambula zithunzi, chonsecho mlakatuliyu sankajambula nkhope. Iye akutiuza chimene chimachitika mumtima mwake akaona mkaziyo, ndipo akutiuza ndi zinthu za dziko limene ankalidziwa.

Bukuli ndi lalifupi, mitu 8 ndi ndime 117, ndipo silitchula dzina la Mulungu poyera. Kwa zaka mazana ambiri Ayuda ankaliwerenga ngati fanizo la Mulungu ndi Israyeli, Akhristu ngati la Khristu ndi Mpingo. Bernard wa ku Clairvaux analemba maulaliki 86 pa buku limeneli, koma pomwalira mu 1153 anali atangofika koyambirira kwa mutu 3, mbuzi za m'mutu 4 asanakumane nazo. Sinditsutsana nawo akuluakuluwo. Funso langa ndi lina: monga ndakatulo chabe, chitamandochi chimagwira bwanji ntchito?

Malo anayi, m'mitu 4, 5, 6 ndi 7, wokonda amatchula thupi la mnzake chiwalo ndi chiwalo. Kalembedwe kameneka sikachilendo kuchigawo chimenecho. Mu 1873 J. G. Wetzstein, Mjeremani amene anakhala zaka zambiri ku Syria, anafotokoza kuti pa maukwati a kumidzi kumeneko ankaimba nyimbo zotamanda mkwati ndi mkwatibwi mwa njira yomweyi, zimene Aluya amazitcha wasf. Ndakatulo zachikondi za ku Aigupto wakale, zolembedwa zaka zoposa 1,000 Yesu asanabadwe, nazonso zimayenda motero, ndipo m'menemo mwamuna amatcha wokondedwa wake mlongo, monganso m'Nyimboyi. Tsono omvera oyambawo sankadabwa ndi kayendedwe kake. Chimene ankayembekeza ndicho kumva chimene woimbayu ayike pa chiwalo chilichonse.

Titenge mbuzi zija. Mbuzi za kumeneko zambiri ndi zakuda, ndipo mlakatuli sakuziona pafupi ayi, akuziona patali zikutsika phiri la Gileadi. Amene anawetako adziwa kuti gulu likamatsika chitunda sutha kusiyanitsa mbuzi iyi ndi iyo. Umangoona mdima ukuyenderera, kupatukana pa mwala ndi kukumananso. Limenelo ndilo tsitsi lomasulidwa likugwera pa mapewa. Chafanana apa ndi kayendedwe, osati chiweto.

Mano awafanizira ndi nkhosa zochokera kosambitsidwa, iliyonse ili ndi inzake, popanda yotayika. Kuyera kulipo, koma mfundo yaikulu ndi kukwanira. M'dziko lopanda dokotala wa mano, mtsikana wosagweluka anali wosowa, ndipo mbusa amene wawerenga ziweto madzulo napeza kuti zonse zilipo amadziwa mtendere wake. Mtendere umenewo ndi umene mwamunayu akuumva mkaziyo akamwetulira.

Khosi likhala nsanja ya Davide yopachikidwa zishango 1,000. Akatswiri ambiri amaona pamenepa mikanda yosanjikizana, ndipo ine ndivomereza, koma nsanja ndi malo ovuta kulanda. Kukongola kwa mkaziyu kumaopsa. M'mutu 6 afanizidwa ndi mizinda iwiri yachifumu, Tiriza ndi Yerusalemu, ndiponso ndi khamu la nkhondo, mpaka mwamunayo apempha kuti mkaziyo amuchotse maso poti amugonjetsa. Chimodzimodzi kavalo wamkazi pakati pa magaleta a Farao m'mutu 1. Marvin Pope, m'buku lake la 1977, anakumbutsa kuti magaletawo ankakokedwa ndi akavalo amphongo, ndi kuti mfumu ya ku Kadesh inayesapo kusokoneza asilikali a Thutmose III pothamangitsira kavalo wamkazi pakati pawo. Ngati ndi tero, mwamunayu sakunena za maonekedwe konse. Akuti mkaziyu akangodutsa, mizere yonse ya amuna imabalalika.

Onaninso kumene diso limayambira. M'mutu 4 liyambira kumutu nkumatsika, pakuti mkaziyo waima phee, nkhope ili kuseri kwa nsalu. M'mutu 7 liyambira ku mapazi nkumakwera, ndipo ndime ya patsogolo pake yangotchula kumene za gule. Aliyense amene anaonererapo chimtali adziwa kuti pa wovina maso amagwa kaye pa phazi ndi chiuno, nkhope pambuyo. Mlakatuliyu anali munthu wopenyetsetsa.

Chimene chimandigwira mtima koposa ndi chakuti mkaziyu sali chete ngati katundu wa pamsika. Iye ndiye atsegula bukuli, ndiye alankhula kwambiri, ndipo m'mutu 5 ndiye atamanda thupi la mwamuna pamaso pa atsikana anzake. Komabe pano mpamene ndikuona kuti cholembera chafooka. Mwamunayo amangidwa ndi golide, minyanga ya njovu, miyala ya mtengo wapatali ndi nsanamira, mpaka aoneka ngati fano la m'kachisi, lonyezimira koma lozizira. Mkazi anapatsidwa ziweto zopuma, zipatso ndi madzi. Mwamuna wapatsidwa za m'sitolo ya wolemera. Chimene chipulumutsa ndimeyi ndi mathero ake, pamene mkaziyo asiya miyala yonseyo namutcha bwenzi lake. Nayo mphuno yonga nsanja yoyang'ana ku Damasiko sindingaiteteze. Pamenepa chizolowezi cha kufanizira chinathamanga kusiya diso m'mbuyo.

Pali kamawu kamodzi kamene ife anthu akuda sitingakalumphe. M'mutu 1 mkaziyo atchula kuda kwake ndi kukongola kwake pamodzi, ndipo kachilembo ka Chihebri kolumikiza ziwirizo kangatanthauze "ndi" kapena "koma". Omasulira m'Chigiriki anasankha "ndi". Jerome, pomasulira m'Chilatini, anasankha "koma", ndipo Mabaibulo ambiri a ku Ulaya anamutsata kwa zaka zoposa 1,000. Zoona, mkaziyo akufotokoza yekha kuti dzuwa ndilo linamuwamba, abale ake atamuumiriza kulonda minda ya mpesa, kotero kuti nkhani yake ndi ya mtsikana wa kumunda pakati pa atsikana a mumzinda. Koma ndakatulo yonse yotsatirayo ili kumbali ya "ndi", chifukwa palibe pamene mwamunayo apepesera khungu limeneli. M'mutu 4 agamula kuti mwa mkaziyo mulibe chilema.

Ife tinakula ndi mwambi wa chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo buku la Miyambo nalo limatha ndi chenjezo lakuti kukongola ndi kwachabe. Nyimbo ya Solomo siyankha chenjezo limeneli ndi mtsutso. Imangoyang'ana munthu mmodzi nthawi yaitali, popanda manyazi ndiponso popanda chipongwe. Apa mpamene ife olemba ndakatulo zachikondi timalephera kawirikawiri. Tikafuna ulemu timabwereka maluwa ndi chisanu choyera cha m'mabuku a Azungu, zimene sitinazigwirepo. Tikafuna kuoneka olimba mtima timagwa m'zolaula. Sindikuti tiyambe kukopera mbuzi za ku Gileadi, pakuti zimenezo ndi za mwini wake, amene anaima pa phirilo madzulo nazipenya zikutsika. Ife tili ndi madzulo athu, pa dambo, pa chitsime ndi pa doko pamene mabwato akubwerera. Funso limene ndikanakonda kuti tizifunsa ndakatulo iliyonse yobwera pa tebulo lathu ndi ili: chifanizo chimenechi unachiona kuti, ndipo utachiona unamva chiyani?