Za Dzina Loti "Chigaŵenga" m'Zolemba za Nkhondo

M'pepala lino tikudzudzula chizoloŵezi cha atolankhani ndi omasulira ambiri chotchula munthu aliyense wonyamula mfuti pa zifukwa za ndale kuti chigaŵenga. Mfundo yathu ndi yakuti m'Chicheŵa chiweruzo cha wolemba chimabisala m'malamulo a chiyankhulo. Choncho wofuna kulemba mosakondera ayenera kusamala gulu la dzina ndi msintho wa mneni.

Dzina loti chigaŵenga lili m'gulu la Chi-Zi, limodzi ndi chinthu, chilombo ndi chitsiru. Tikuvomereza kuti si maina onse a m'gululi amene ali onyoza, pakuti chiphadzuŵa nachonso chili momwemo. Komabe tiyeni tiyerekeze ziganizo ziŵiri izi: "Zigaŵenga zitatu zaphedwa" ndi "Anthu atatu aphedwa." Agwirizanitsi a m'chiganizo choyamba ndi omwewo amene tikadagwiritsa ntchito pokamba za zilombo, ndipo woŵerenga safunsanso kuti ophedwawo anali ana a yani.

Mbiri ya dera lathu ikusonyeza kuti dzinali limatsata amene ali pampando. Mu February 1965 Henry Masauko Chipembere adatsogolera anthu a zida ku Fort Johnston, komwe tsopano ndi Mangochi, ndipo mu 1967 Yatuta Chisiza adaphedwa ataloŵa m'Malaŵi ndi gulu lake. Boma la nthaŵiyo lidawatcha zigaŵenga, koma lero msewu waukulu wa mumzinda wa Blantyre uli ndi dzina la Chipembere. Ku Mozambique nakonso, Apwitikizi ankatcha a FRELIMO terroristas kuyambira mu 1964. FRELIMO italoŵa m'boma mu 1975, idadzatcha a RENAMO bandidos armados, kenaka idasainirana nawo pangano la mtendere ku Rome pa 4 October 1992, ndipo mu 1994 magulu aŵiriŵa adapikisana pachisankho. Womasulira amene adalemba "zigaŵenga" pa nthaŵi zonsezi adangobwereza chiweruzo cha boma lililonse ngati chake.

Mawu oti omenyera ufulu nawonso ali ndi mbali. Mneni -menya akalandira msintho womchitira nakhala -menyera, wolemba wanena kale cholinga cha nkhondoyo, ndiponso wachivomereza. Mawu oti omenya nkhondo alibe msinthowo, motero amangonena zimene anthuwo akuchita.

Tikulangiza kuti wolemba asunge anthuŵa m'gulu la Mu-A, atchule dzina limene gulu lawo limadzitcha lokha, ndipo mlandu aupereke kwa mneni. Ena anena kuti kuchita chomwechi nkubisa nkhanza za nkhondo imene idathaŵitsira ku Malaŵi anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Ife tikuona mosiyana. Chiganizo choti "Omenya nkhondo a RENAMO adatentha mudzi" chimatchula wochita ndi chochitacho, ndipo chingatsimikizidwe kapena kutsutsidwa ndi umboni. Dzina loti chigaŵenga silingafufuzidwe motero.

Pamene nduna kapena mkulu wa asilikali wanena yekha mawu onyozawo, alembedwe monga adanenera, koma mwini wake atchulidwe. Tikupemphanso okonza mabuku otanthauzira mawu a Chicheŵa kuti pa dzina loti chigaŵenga aziwonjezera chenjezo lakuti ndi dzina loweruza, kuti womasulira wofulumira adziŵe chimene akusankha.