Mmene Mphakati Umagawanirana Mawu a Mulungu

Kutsogolera anthu powerenga Baibulo ndi ntchito ya luso, ndipo akatswiri ake ambiri sanapondeko ku seminale. Mukawafuna pitani ku mphakati, kapena ku limana monga amanenera kummwera: kagulu ka mabanja achikatolika oyandikana nyumba, kamene kamakumana pakhomo pa mmodzi wa iwo, sabata ino kwa uyu, sabata yamawa kwa uyo. Timaguluti tinazika mizu m'zaka za m'ma 1970. Ambuye Patrick Kalilombe, ali episkopi wa Lilongwe, anachititsa sinodi ya dayosizi yawo kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo miphakati ndiyo inali pamtima pa zokambiranazo. Mu 1976 maepiskopi a m'chigawo chino cha Africa, kudzera m'bungwe lawo la AMECEA, anagwirizana kuti kumanga timagulu totere kukhale patsogolo pa ntchito zina zonse.

Kugwirizanako kunasiya funso lovuta. Anthu akhala pamkeka, wansembe palibe, akatekisiti ali kutali, ena sadziwa kuwerenga: Baibulo alichite bwanji kuti aliyense atolepo kanthu? Yankho limene miphakati yambiri inatenga linachokera ku Lumko, malo a maphunziro a Mpingo ku South Africa, kumene wansembe wa ku Germany, Oswald Hirmer, ndi anzake anakonza njira ya magawo asanu ndi awiri. Magawo onsewo amakwana pa kapepala kamodzi. Chimene ine ndimachita nacho chidwi ndi zimene kapepalako sikangalembe, zimene mayi kapena bambo wodziwa ntchitoyi amachita ndi manja, maso ndi mpweya wake pakati pa gawo ili ndi linzake.

Ntchito imayambira kunyumba, msonkhano usanafike. Nthawi zambiri mphakati umawerenga Mthenga Wabwino wa Lamulungu likubweralo. Mawerengo a pa Misa anakonzedwa kuti azizungulira zaka zitatu, chaka A cha Mateyo, B cha Marko, C cha Luka, Yohane n'kumalowa makamaka pa nyengo zikuluzikulu monga ya Pasaka. Mtsogoleri amapeza ndimezo n'kuziwerenga mokweza ali yekha. Chamumtima sichikwanira, chifukwa maso amadumpha bwinobwino pamene lilime likapunthwe. Powerenga mokweza amazindikira dzina lovuta kutchula, chiganizo chachitali chofuna kupumira pakati, ndi pamene nkhani yakhota. Ena amaika kadontho ka pensulo m'mphepete mwa tsamba pamalo opumirapo. Tiyerekeze kuti sabata imeneyo kuli nkhani ya ophunzira awiri a pa njira ya ku Emausi, Luka 24, ndime 13 mpaka 35, imene imawerengedwa Lamulungu lachitatu la Pasaka m'chaka A ngakhale ili ya Luka.

Taonani kakhalidwe. Mikeka ndi mipando zimazungulira, kuti aliyense aone nkhope ya mnzake. Pakati pali katebulo koyalidwa chitenje chochapa, mtanda, kandulo ndi Baibulo lotsegula. Mtsogoleri sakhala kuseri kwa tebulo, ndiponso saimirira. Akangoimirira, matupi a anthu amakumbukira kutchalitchi, manja amapindidwa, onse n'kuyamba kudikira ulaliki. Amakhala pamzere womwewo ndi anzake, pamalo pamene angathe kuona agogo amene ali kumapeto kwa mkeka ndi mnyamata amene watsamira khoma. Pemphero loitana Ambuye, limene ndi gawo loyamba, sapereka yekha. Amapempha wina, kawirikawiri munthu wosalankhulalankhula amene anamunong'oneza kale pofika, podziwa kuti pakamwa pakatseguka koyambirira sipavuta kutsegukanso nthawi yogawana.

Kulengeza malo owerenga kulinso ndi kayendedwe kake. Wosazolowera amatchula zonse kamodzi, buku, mutu ndi ndime, n'kuyamba kuwerenga ena akusanthulabe. Wodziwa amati, "Abale ndi alongo, titsegule Luka," n'kutseka pakamwa. Mapepala amalira. Akaona kuti manja ambiri aima amati, "Mutu 24," n'kudikiranso. Ndime imabwera pomaliza. Nthawi yonseyi maso ake ali pa zala za anthu. Pepala la Baibulo ndi lopyapyala kwambiri kuti masamba opitirira 1,000 akwane m'buku lonyamulika, ndipo zala zozolowera mpini wa khasu zimatembenuza atatu kapena anayi nthawi imodzi. Mumaona munthu akunyowetsa chala pa lilime, kupinda ngodya pang'ono, kuuzira mpweya kuti masamba omatana alekane. Woyandikana naye amamuthandiza osatulutsa mawu, chala chikutsetsereka ndi tsamba mpaka chitaima pa kanambala kakang'ono ka 13. Manambala amenewa sanaike ndi Luka. Mitu inagawidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1200, ndipo amene amatchulidwa pa ntchitoyi ndi Stephen Langton, arkiepiskopi wa Canterbury. Ndime za Chipangano Chatsopano anazipatsa manambala ndi Robert Estienne, wosindikiza mabuku, mu 1551. Chifukwa cha ntchito yawo, anthu okhala ndi mabuku osiyana kukula ndi kalembedwe amakumana pa chiganizo chimodzi m'kanthawi kochepa.

Pa gawo lachiwiri ndimezo zimawerengedwa kawiri, ndi anthu awiri. Apa olankhula Chichewa tili ndi mwayi. Pamkeka umodzi mutha kupeza Malembo Oyera, Baibulo lachikatolika la mu 1966, ndi Buku Loyera la mu 1998, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi m'Chichewa cha masiku ano; mwinanso Buku Lopatulika la mu 1922, la William Murray wa mishoni ya Nkhoma ndi anzake, litabwera ndi mkamwini wa mpingo wina. Mtsogoleri waluso amapempha wachiwiri kuti awerenge m'buku losiyana ndi loyamba. Nkhani ndi yomweyo, mawu asintha pang'ono, ndipo khutu limene linayamba kuwodzera chifukwa choizolowera limadzidzimuka. Wowerenga wabwino amachedwa kuposa mmene mtima wake ukufunira. Amatsitsa mawu pamene awiri aja akufotokozera mlendo kukhumudwa kwawo, amapumira asanafike pa kunyema mkate. Amadziwa kuti kwa agogo amene maso anachita mdima, ndi kwa amene sanapite kusukulu, chimene iye watulutsa pakamwa ndicho chokha adzapite nacho kwawo.

Gawo lachitatu ndi limene ndimaliona lanzeru koposa onse. Mtsogoleri amapempha aliyense kuti atole liwu limodzi, kapena mawu awiri atatu amene amugwira mtima, awatchule mokweza katatu, osafotokoza kanthu. Wina amati "njira", n'kupuma, n'kubwereza, n'kupumanso, n'kubwereza kachitatu. Pakadutsa kampata wina amati "maso". Wina "mkate". Kampata kameneka kali ndi muyeso wake: kayenera kukwana kuti ena onse alibwereze liwulo chamumtima kawiri kapena katatu. Zimafanana ndi mayi amene akusankha mpunga m'lichero, amene sakhuthulira wonse mumphika koma amaukankha pang'onopang'ono ndi nsonga za zala, diso lili pa njere iliyonse. Ndime 23 zimene zinadutsa mofulumira zija tsopano zikubwerera liwu ndi liwu, lililonse ndi mawu a munthu wina wa pamudzi pomwepo.

Ubwino wa gawoli ndi woti palibe angalakwitse. Mwana wa sitandade 5 ndi mphunzitsi wopuma ntchito amafanana, ndipo wosadziwa kuwerenga amatola ndi khutu zimene mnzake watola ndi diso. Awiri akasankha liwu limodzi palibe vuto. Limangomveka kasanu ndi kamodzi. Ntchito ya mtsogoleri apa ndi kusunga liwiro. Anthu akayamba kupikisana, mawu n'kumagundana, iye sadzudzula. Amatchula lake mochedwa kwambiri, n'kupuma nthawi yaitali pakati, ndipo wotsatira amatengera mwendo womwewo osadziwa n'komwe kuti wawongoledwa. Onse akatha, nkhani yonse imawerengedwanso, ndipo liwu lililonse limene linatoledwa likafika, mumaona mwini wake akugwedeza mutu pang'ono.

Kenako pamabwera chimene ambiri timachiopa. "Tsopano tikhale chete mphindi zitatu, Mulungu atilankhule." Kutchula nambala ya mphindi n'kofunika kwambiri. Munthu akadziwa kuti batalo lili ndi malire amamasuka. Akapanda kudziwa amayamba kusuzumira anzake, kuganiza kuti mwina wina waiwala gawo lake. Mtsogoleri amaika foni kapena wotchi pamwendo, n'kuweramitsa mutu kuti maso ake asakumane ndi a munthu. Isanathe mphindi yoyamba wina amakhosomola, mpando umalira, ndipo pakhosi pa mtsogoleri pamabwera nyimbo yofuna kutuluka, pakuti ife tinazolowera kutseka mpata uliwonse wa mapemphero ndi kuimba. Wodziwa ntchito amaimeza nyimboyo. Chigayo chikulira chapatali, nkhuku yadutsa pakati, mwana wadandaula n'kupatsidwa bere, iye osagwedezeka. Pofika mphindi yachiwiri mapewa a anthu amatsika, kapumidwe kamasintha, ndipo liwu lija munthu anatola limayamba kukumana ndi zimene wakhala akudutsamo sabata yonse.

Zimenezo ndi zimene zimatuluka pa gawo logawana. Lamulo lake ndi limodzi: lankhulani za inu mwini. Aliyense ayambe ndi "ine", asiye "anthu masiku ano" ndi "tiyenera". Ndamvapo mayi wamasiye, amene anatola liwu loti "njira", akunena kuti miyezi yonse imene ankadwazika mwamuna wake ankaona ngati Mulungu wamufulatira, koma pa mphindi zitatu zija anakumbukira mnansi amene ankamuperekeza ulendo uliwonse wa kuchipatala atanyamula mtanga wa chakudya, osalankhula zambiri. Ananena kuti nthawi imeneyo sanadziwe amene ankayenda naye. Palibe anamuuza zimenezi. Anazipeza yekha, pamene nkhani ya awiri osazindikira mlendo wawo inagona pamwamba pa nkhani yake. Chikhulupiriro chimene chinazilala chimayakanso mwa njira yotereyi, munthu akaona m'masiku amene anadutsa kale chimene anachiphonya ali mkati mwake.

Pamenepa mtsogoleri amayesedwa kwambiri. Pagulu lililonse pali abambo kapena amayi odziwa Malembo, amene akapatsidwa mpata amayamba kulalikira anzawo. Kuwadula mwachipongwe ndi kuwataya, kuwasiya ndi kutseka pakamwa pa ena onse. Waluso amadikira apume mpweya, n'kulowa pomwepo ndi ulemu: "Zikomo kwambiri abambo. Nanga inuyo panokha, mawuwa akupezani pati sabata ino?" Kawirikawiri munthuyo amayamba wakhala duu, kenako n'kunena chinthu chachifupi ndi choona kuposa zonse zimene anayamba nazo. Wina akagawana, palibe womuyankha, womuwongola kapena womupatsa malangizo, amangolandira "zikomo". Wina akalira, mtsogoleri sathamangira kumutonthoza ndi vesi. Amasiya dzanja la woyandikana naye ligwire ntchitoyo. Wosafuna kulankhula sakakamizidwa, ndipo zonenedwa pamkekapo siziyenera kukamveka kuchitsime.

Pakabuka funso la chiphunzitso, monga chifukwa chake awiriwo sanamuzindikire Yezu, mtsogoleri amalilembetsa kuti akafunse akatekisiti kapena bambo mfumu. Ena amaidandaula njirayi pa chifukwa chimenechi, kuti siphunzitsa mbiri ya mabuku ndi tanthauzo lozama la ndime. Akunena zoona, ndipo parishi imene ilibe maphunziro a Baibulo apadera ikusowa kanthu. Koma ndikuona kuti kukana kuyankha pamalo pano ndi mbali ya luso. Mtsogoleri akangoyankha funso limodzi amasanduka mphunzitsi, ena onse ana asukulu, ndipo mayi wamasiye uja sadzayerekezanso kutsegula pakamwa poopa kulakwitsa.

Gawo lachisanu ndi chimodzi limatsitsa zonse pansi. Mlembi amatsegula kope, n'kuyamba ndi zimene munagwirizana sabata yatha: zinachitika kodi, kapena ayi? Kenako ntchito yatsopano. Mtsogoleri wabwino salola mawu oti "tiziyendera odwala" kudutsa chomwecho. Amafunsa kuti wodwalayo ndi uti, apita ndani, tsiku liti, atenga chiyani, mpaka mu kope mulembedwe kuti Lachitatu madzulo amayi awiri awa akazonda agogo a kuseri kwa dambo ndi ufa ndi nkhuni, Loweruka anyamata akafolera denga lawo. Nkhani ya Emausi imathera komweko: awiri aja atamuzindikira ananyamuka nthawi yomweyo kubwerera ku Yerusalemu, mtunda wa makilomita pafupifupi 11. Miphakati ina imasankhanso liwu limodzi mwa aja anatoledwa kuti onse azilikumbukira mpaka adzakumanenso. Pomaliza aliyense wofuna amapemphera mwachidule ndi mawu ake, onse n'kutsekera ndi pemphero kapena nyimbo imene ngakhale ana amaidziwa pamtima.

Miphakati yambiri imasinthana utsogoleri wa msonkhanowu, choncho tsiku lina udzafika pa inu. Likadzafika, werengani ndimezo mokweza kunyumba, khalani pansi pamodzi ndi anzanu, dikirani mpaka chala chomaliza chipeze ndime, ndipo mphindi zitatu zija musadzazidule ngakhale wina atakhosomola.