DZINA LIKULANKHULA NDI YANI? MAGANIZO PA ANA A EKWEFI

Ku England kuli mwambo umene makolo osapembedza amachita polandira mwana m'banja. Bungwe la Humanists UK, limene mpaka 2017 linkatchedwa British Humanist Association, limaphunzitsa anthu otsogolera mwambowu. Sipakhala mbusa kapena madzi a ubatizo. Makolo amalemba okha malonjezo ao, amasankha abwenzi oti adzakhale aphungu a mwanayo, wina amawerenga ndakatulo, kenaka dzina limalengezedwa. Ku France zoterezi zimachitikira ku ofesi ya meya. Konse kuwiri mwambowu ulibe mphamvu pa malamulo, ndipo ku England mwana ayenera kulembetsedwa m'kaundula wa boma pasanathe masiku 42, kaya mwambo uchitike kaya usachitike.

Ambiri akamva izi amafunsa ngati mwambo ungakhalebe mwambo Mulungu atachotsedwamo. Ine ndikuona kuti funso limeneli lalasa pambali. Amene angatithandize kufunsa bwino ndi Chinua Achebe m'mutu 9 wa Things Fall Apart (1958), buku limene ambirife tinaliloweza kaamba ka mayeso koma osalimvetsera.

Ekwefi, mkazi wachiwiri wa Okonkwo, anabereka ana 10, ndipo 9 anamwalira, ambiri asanakwane zaka 3. Ku Umuofia mwana amapatsidwa dzina pakapita masabata 7 a msika, ndipo poti sabata yao ili ndi masiku 4, amenewo ndi masiku 28. Mlembi waulesi akadapeza pamenepa mpata wotionetsa phwando lonse, uchema, mtedza wa kola, nthungululu za amai, monga timachitira ife m'nthano zimene timabwera nazo ku msonkhano wa alembi, pamene mwambo uli wonse umakhala ngati katundu woyalira alendo. Achebe mwambowo anaupatsa chiganizo chimodzi chokha, ndipo nacho angotiuza kuti kwa Ekwefi unali utasanduka gaga. Atatero atipatsa maina atatu.

Onwumbiko ndi dzina lodandaulira imfa kuti imve chisoni. Mwanayo anamwalira m'mwezi wake wa 15. Ozoemena ndi pempho loti zisachitikenso. Iye anamwalira m'mwezi wa 11, enanso awiri namtsatira. Pamenepo mai uja anatcha mwana wotsatira Onwuma, kuiuza imfa kuti ichite zimene ikufuna. Taonani kuti maina onsewa sakulankhula ndi khandalo. Khanda lili m'manja, koma nkhope ya mai yayang'ana kwina, kwa mdani amene akumdziwa kuti wakhala pakhomo. Ayamba ndi kugwada, apitiriza ndi kupempha, amaliza ndi mwano wa munthu amene alibenso choti alandidwe. Zaka zambiri za moyo wa mkazi zalowa m'maina atatu, ndipo mitu itatu ya buku sikadanena zoposa pamenepa.

Chinanso chofunika pa nkhani yathu nchakuti m'buku lodzaza ndi milungu, Chukwu, Ani, Agbala, palibe mmodzi amene watchulidwa m'maina amenewa. Wopita kwa owombeza ndi Okonkwo. Wocheka mtembo wa Onwumbiko ndi lumo, kuti mwana wa ogbanje aope kubadwanso, ndi sing'anga Okagbue. Zauzimu zili m'manja mwa amuna. Ekwefi watsala ndi dzina lokha, ndipo ndi dzinalo akulankhula yekha, popanda wansembe womuimira. Ngati tikufuna chitsanzo cha kutcha dzina kopanda chipembedzo koma kolemera, nchimenechi.

Pano ndili ndi kadandaulo. Achebe anapatsa masamba ambiri nkhani yokumba iyi-uwa, kamwala kamene Ezinma, mwana yekhayo wotsala, akuti anakakwirira pansi pa mtengo. Nkhaniyo njokoma, komatu imakomera makamaka mlendo wofuna zachilendo, pamene ana 6 a Ekwefi apita kumanda osatchulidwa nkomwe. Mwina anachita dala, poti mai wotopa ndi maliro amaleka kuwerenga. Komabe ine ndikadasinthanitsa tsamba limodzi la kukumba kuja ndi dzina limodzi lina.

Ife sitifunika womasulira kuti timve za Ekwefi. Kwathu mwana akatuluka m'chikuta mchombo utagwa, agogo kapena atsibweni akamutcha Maliro, Manda, Misozi kapena Nditani, mudzi wonse umadziwa kuti akunena za amene anatsogola. Akamutcha Mwandida kapena Mwatitha, pali wina m'bwalomo amene amazolika, poti wadziwa kuti mkondo ngwake. Akamutcha Tiyanjane, ndiye kuti mlandu wina watha popanda kupita kwa nyakwawa. Dzina lotere ndi mau amene munthu sakadatha kunena maso ndi maso, ndipo mwana adzayenda nawo moyo wake wonse.

Ndi muyeso umenewu ndiyesa mwambo wa ku England uja. Chimene chikusowamo, m'kuona kwanga, si Mulungu koma womvera. Dzina linasankhidwa kale chifukwa limamveka bwino m'khutu, linalembedwa kale ku boma, ndipo patsikulo lingobwerezedwa kwa anthu amene akulidziwa. Sindikuwanyoza makolowo. Iwo saika ana 9 m'manda, ndipo palibe wamisala amene angawafunire zotero kuti mwambo wao ukome. Mbali imene ili ndi mafuta ndi ya aphungu aja, chifukwa iwo amalonjeza pamaso pa mboni, ndipo mwanayo akadzakula angathe kuwagogodera pakhomo nkuwakumbutsa. Apo mau apeza wowamva.

Achebe sanalekere pa Ekwefi. M'mutu 19, Okonkwo ali ku Mbanta kwao kwa mai ake, kumene anathawira zaka 7, mwana woyamba kubadwira kumeneko anamutcha Nneka, dzina lotamanda umai, pofuna kusangalatsa eni mudzi. Patapita zaka 2 anatcha mwana wamwamuna Nwofia, wobadwira m'thengo, ndipo atsibweni ake anamva okha chimene mlendo wao ankaganiza za mudzi wao. Nwoye atalowa mpingo anakhala Isaac. Wowerenga wodziwa Genesis 22 akumbukira mwana wogonekedwa pansi pa mpeni wa atate ake, akumbukiranso Ikemefuna ndi chikwanje cha Okonkwo m'mutu 7.

Isaac yemweyo tikumana naye m'buku la No Longer at Ease (1960) ali mphunzitsi wa katekisimu, woletsedwa mitala, mkazi wake atambalira ana aakazi okhaokha anayi. Wachinayiyo anamutcha Nwanyidinma, kuuza anansi kuti mwana wamkazi nayenso ngwabwino, ngakhale Achebe atitsina khutu kuti mwini wakeyo sankamveka ngati akukhulupirira. Mwamuna atabadwa anamutcha Obiajulu, kunena kuti mtima tsopano wakhala pansi, ndipo mtima wake unali wa bamboyo.