Nkhope ya Mlembi pa Sitampa

Amisiri ojambula masitampa ndimawatayira kamtengo. Pakapepala kosaposa chala chachikulu amaonetsapo makwinya a pachipumi, ndevu, ngakhale kuthwa kwa diso. Ku America amalemekezera alembi luso limeneli: Eugene O'Neill wa masewero anaikidwa pa sitampa mu 1967, Ernest Hemingway mu 1989. Kwathu kuno, mu 1965, inali nkhope ya John Chilembwe.

Kumapiri a Dowa ndi Ntchisi kunachokera mlembi woyenera ulemu wotere: Samuel Josia Nthara, wobadwira kufupi ndi Mvera mu 1905. Buku lake la mu 1933, Nthondo, linapambana mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa. Analembanso mbiri ya mfumu Msyamboza ya ku Chibanzi. Mmisiri atangomujambula, ndingathamangire kukagula ku positi ofesi ya Mponela.